Kukaona zipinda za mfumu yomaliza ya Russia ku Alexander Palace: mafunso ndi mayankho

Chikaonereni nyumba imene Nicholas II ankakhalamo ndi banja lake, mafunso sakutha. Ambiri ondifunsa ndi ana athu amene akuphunzira m'mayunivesite a ku Russia ndi makolo awo ofuna kukawachezera. Ena alibe ganizo la ulendo, akungofuna kumvetsa kuti banja lolamulira dziko lalikulu chonchija linathera bwanji m'chipinda chapansi cha nyumba ya eni. Safunsa anadya phula, choncho ndayankha pano mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Kodi nyumbayi ili kuti, ndipo chikuonetsedwamo n'chiyani?

Ili m'tauni ya Pushkin, makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa mzinda wa St Petersburg. Dzina lakale la tauniyi ndi Tsarskoye Selo, kutanthauza mudzi wa mfumu. Mfumukazi Catherine II ndiye analamula kuti nyumbayi imangidwe kuti apatse mdzukulu wake Alexander, ndipo katswiri wa ku Italy, Giacomo Quarenghi, anaimanga pakati pa 1792 ndi 1796. Ndi yachikasu, ya mizati yoyera kumaso kwake, ndipo siphonya maso ngati Catherine Palace yomwe ili chapafupi. Nicholas II anabadwira momwemo mu 1868, ndipo kuyambira 1905 iye, mkazi wake Alexandra ndi ana awo asanu anakhazikika m'menemo.

Chikuonetsedwa ndi zipinda zimene mfumu ndi mkazi wake ankagonamo, kuwerengeramo makalata ndi kulandiriramo alendo. Anazitsegulanso kwa anthu mu Ogasiti 2021 atatha zaka zingapo akuzikonza.

A Romanov anali ndani?

Ndi banja limene linalamulira Russia zaka 304. Woyamba anali Mikhail Romanov, mnyamata wa zaka 16 amene analongedwa ufumu mu 1613. M'banja lomweli munatuluka Peter Wamkulu, amene anayambitsa mzinda wa St Petersburg mu 1703, ndi Alexander II, amene anamasula alimi ku ukapolo wa eni minda mu 1861 koma anaphedwa ndi bomba mu 1881. Nicholas anali ndi zaka 12 pamene anaona agogo ake amenewa akutsirizika, miyendo itanyenyeka. Iye mwini analowa ufumu mu 1894 ali ndi zaka 26, bambo ake atamwalira ndi matenda a impso, ndipo mwezi womwewo wa maliro anakwatira.

Mkazi wakeyo anali mdzukulu wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, yemwe uja amene boma lake linalengeza mu 1891 kuti dziko limene pano ndi Malawi likhala pansi pa chitetezo cha Britain. Nicholas ndi Mfumu George V anali ana a munthu ndi mng'ono wake, ndipo ankafanana nkhope ngati mapasa. Nicholas ndi Alexandra ankalankhulana ndi kulemberana makalata m'Chingerezi.

Ndi zipinda ziti zofunika kuimamo nthawi yaitali?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu limene ndinalowa nalo linkafulumira, koma amayi achikulire amene amakhala pampando m'chipinda chilichonse kuyang'anira katundu sanandithamangitse nditatsalira m'mbuyo.

Yambani ndi chipinda chogona. Kumutu kwa bedi khoma lonse ladzaza ndi zithunzi za oyera mtima, zazikulu ndi zing'onozing'ono ngati chikhatho, zothithikana moti khoma lenilenilo silioneka. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Simufunika wokufotokozerani kuti amene ankagona apa anali mayi wamantha, wopemphera usiku.

Pafupi pake pali chipinda chimene makoma ake anakutidwa ndi nsalu yofiirira ngati maluwa a jakaranda. Apa Alexandra ankatha maola ambiri atagona pa sofa chifukwa cha kupweteka kwa msana ndi miyendo, akuluka, kuwerenga ndi kulemba makalata. Banja linkasonkhana apa madzulo. Mipando yake si yochititsa kaso, ndipo zithunzi za abale zili mbwee pamatebulo ndi m'mashelefu, monga zimakhalira pabalaza la munthu wamba. Banjali linkakonda kujambula ndi makamera a Kodak, n'chifukwa chake tili ndi zithunzi zawo zambiri akusewera ndi agalu, akupalasa bwato, akuseka.

Chipinda cha matabwa a mapulo, chimene Roman Meltzer anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chili ndi kakhonde kam'mwamba kamene kamadutsa pamwamba pa njira kukatulukira mu ofesi yaikulu ya mfumu. Mu ofesimo muli tebulo la biliyadi, limene pa nthawi ya nkhondo ankayalapo mapu. Palinso bafa la mfumu lokhala ndi dziwe losambiramo. Okonza nyumbayi anapeza zidutswa za matailosi akale pansi pa simenti, ndipo ndi zimenezo zinawathandiza kuumba ena ofanana.

Musatuluke musanaone nsalu yaikulu yolukidwa imene yapachikidwa m'chipinda chapakona. Ikuonetsa Marie Antoinette, mfumukazi ya ku France imene inadulidwa mutu mu 1793, ali ndi ana ake. Inali mphatso yochokera kwa pulezidenti wa France, Émile Loubet, mu 1902. Alexandra ankadutsa pansi pake zaka 15.

Kodi katunduyo ndi yemweyo amene ankagwiritsa ntchito?

Wina ndi weniweni, wambiri ndi wopangidwanso. Banja litachotsedwamo mu 1917, nyumbayi inakhala yosungiramo zinthu zakale ndipo anthu ankabwera kudzaona mmene mfumu inkakhalira. Mu 1941 asilikali a Germany analanda tauniyi n'kukhalamo mpaka mu Januwale 1944, ndipo bwalo lakumaso kwa nyumbayi analisandutsa manda a asilikali awo. Ogwira ntchito anali atathawitsa katundu amene anakwanitsa kunyamula, ndipo nkhondo itatha wambiri anakathera ku Pavlovsk Palace, nyumba ina yachifumu yachapafupi. Zotsala zinaonongeka kapena kubedwa. Kenako nyumbayi inakhala m'manja mwa asilikali apamadzi kwa zaka zambiri, mpaka inaperekedwa kwa oyang'anira zakale za Tsarskoye Selo mu 2009.

Chinathandiza kwambiri ndi zithunzi zamitundu zimene zinajambulidwa mu 1917 banja litangochoka. Amisiri anatsata zimenezo poluka nsalu, kusema matabwa ndi kuika chinthu chilichonse pamalo pake. Ena amakhumudwa akamva kuti mpando umene akuuona ndi watsopano. Ine sizinandidetse nkhawa, chifukwa kukula kwa zipinda, mazenera oyang'ana kupaki ndi makomo n'zomwezo. Ngati mukufuna kudziwa chimene chili chenicheni, funsani wotsogolera alendo, amakuuzani mosabisa.

N'chifukwa chiyani banjali linadzipatula kuno m'malo mokhala mumzinda?

Zifukwa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi mantha, chifukwa mu 1905 dziko linali pa chipwirikiti ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Sergei, mng'ono wa bambo a mfumu, anaphedwa ndi bomba ku Moscow. Chachiwiri ndi chinsinsi cha m'nyumba.

Atabereka ana aakazi anayi, Olga mu 1895, Tatiana mu 1897, Maria mu 1899 ndi Anastasia mu 1901, mu 1904 kunabadwa mnyamata, Alexei, woti adzalowe ufumu. Pasanapite miyezi iwiri anaona kuti magazi a pamchombo pake sakusiya. Mwanayo anali ndi matenda a magazi osaundana, amene madokotala amati haemophilia. Amayenda m'magazi a amayi koma amagwira makamaka ana aamuna, ndipo anachokera kwa Mfumukazi Victoria. Kungogunda bondo, magazi ankatayikira m'kati, mfundo n'kutupa, mwana n'kumabuula masiku ambiri. Mankhwala panalibe. Anamuikira amalinyero awiri, Derevenko ndi Nagorny, oti azimulondera ndi kumunyamula akalephera kuyenda. Anthu a m'dzikomo sanauzidwe.

Aliyense amene anachezerapo usiku ndi mwana wodwala amvetsa chimene chinatsatira. Mu 1912, ali ku Spała m'dziko la Poland, Alexei anadwala mpaka anamupatsa sakramenti lomaliza. Alexandra anatumiza uthenga kwa Grigori Rasputin, mlimi wa ku Siberia amene ankadziwika ngati munthu wa mapemphero. Yankho linabwera loti mwanayo safa ndipo madokotala asamuvutitse kwambiri. Mwana anayamba kupeza bwino. Kuchokera pamenepo mayiyu sanafunenso kumva choipa chilichonse chonena za Rasputin. Kunja anthu sankadziwa za matendawo, ankangoona mlimi wa mbiri yoipa akulowa ndi kutuluka kwa mfumu, ndiye miseche inafalikira. Nicholas atapita ku Mogilev mu 1915 kukatsogolera yekha asilikali, anasiya zambiri za boma m'manja mwa mkazi wake, ndipo nduna zinkasinthidwa pafupipafupi. Achibale ndi akuluakulu amene anayesa kuchenjeza anatalikitsidwa, chonsecho wakutsina khutu ndi mnansi. Rasputin anaphedwa mu Disembala 1916 ku nyumba ya Felix Yusupov, mwamuna wa mdzukulu wa m'banja lachifumu lomwelo.

Ndinamva kuti ena ankamutcha Nicholas wamagazi. Kodi chionetserochi chimanena zimenezo?

Funso ili ndimalikonda kuposa onse. Zipindazi zimakuonetsani bambo wokonda ana ake, mwamuna wokhulupirika, munthu waulemu ndi wopemphera. Zonsezo n'zoona. Koma nyumba imasimba za eni ake, siisimba za amene anali kunja kwa mpanda, choncho nkhani yawo muyenera kulowa nayo nokha.

Pa kalembera wa 1897 dzikoli linali ndi anthu opitirira 125 miliyoni, ambiri mwa iwo alimi osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pa fomu yake, pamalo ofunsa ntchito, Nicholas analemba kuti ndi mwini dziko la Russia. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mphamvu anazilandira kwa Mulungu ndipo kugawana ndi wina n'kulakwira lumbiro lake.

Pa chikondwerero cha kuvekedwa chisoti mu Meyi 1896, anthu oposa 1,300 anafa popondana pa bwalo la Khodynka ku Moscow, kumene anakhamukira kukalandira mphatso za chakudya ndi makapu. Usiku womwewo mfumu inapita ku dansi kwa kazembe wa France. Anthu sanaiwale. Pa 22 Januwale 1905 ogwira ntchito m'mafakitale, motsogozedwa ndi wansembe Georgy Gapon, anayenda ndi akazi ndi ana awo atanyamula zithunzi za oyera mtima ndi za mfumu yomwe, kukapereka madandaulo ku Winter Palace, nyumba ya mfumu ya mu St Petersburg. Asilikali anawawombera ndipo anthu mazana anafa. Mfumu tsiku limenelo inali kuno ku Tsarskoye Selo. Inalola nyumba ya malamulo, Duma, itapanikizika, koma inathetsa yoyamba mu 1906 ndi yachiwiri mu 1907. Mu ulamuliro wake Ayuda anaphedwa ku Kishinev mu 1903, ogwira ntchito m'migodi ya golide ku mtsinje wa Lena anawomberedwa mu 1912, ndipo nkhondo ya 1914 inadya miyoyo ya asilikali a Russia oposa miliyoni imodzi.

Ndinatuluka m'chipinda chogona chija mtima uli wosweka chifukwa cha mayi ndi mwana wake. Koma nditaima pazenera la ofesi ya mfumu, kuona paki ili zii, mitengo yokhayokha, ndinamvetsa mmene munthu angakhalire apa zaka 12 osamva kulira kwa mzinda umene uli pamtunda wa theka la ola pasitima. Chisoni chanu musachibweze, n'choyenera. Chingofikanso kwa amayi amene ana awo anagona pa chipale chofewa tsiku lija la Januwale.

Anachoka bwanji m'nyumbayi?

Mu Malichi 1917 mzinda wa St Petersburg unaukira chifukwa cha kusowa kwa buledi ndi kutopa ndi nkhondo, ndipo asilikali anagwirizana ndi anthu. Nicholas anatula pansi ufumu pa 15 Malichi ali m'sitima ku Pskov. Nthawi imeneyo ana kunyumba anali gone ndi chikuku, ndipo Alexandra, amene pamodzi ndi Olga ndi Tatiana anaphunzira unamwino n'kumagwira ntchito m'chipatala cha asilikali ovulala, ankawadwazika yekha.

Boma latsopano linawatsekera m'nyumba yomweyi miyezi isanu. Mfumu yakale inkaswa madzi oundana, kucheka nkhuni ndi kulima dimba la ndiwo zamasamba pamodzi ndi ana ndi antchito, asilikali akuyang'ana. Atsikana anametedwa mipala chifukwa tsitsi linkathothoka ndi matenda aja, ndipo zithunzi zake zilipo. Boma la Britain linavomera kuwalandira, koma George V anachita mantha ndi maganizo a anthu ake ndipo mwayiwo unatsekeka. M'mamawa wa 14 Ogasiti 1917, atachezera usiku wonse atakhalira masutikesi, anatuluka ulendo wa ku Tobolsk ku Siberia.

A Bolshevik, chipani cha chikomyunizimu, atalanda boma, anawasamutsira ku Yekaterinburg mu 1918, m'nyumba ya injiniya wina dzina lake Ipatiev. Usiku wa pa 16 kuchera pa 17 Julayi anawadzutsa, kuwatsitsira m'chipinda chapansi, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Yakov Yurovsky linawapha ndi mfuti ndi mipeni ya kumfuti. Nicholas anali ndi zaka 50, Alexandra 46, Olga 22, Tatiana 21, Maria 19, Anastasia 17, Alexei 13. Anafa nawo limodzi dokotala Eugene Botkin, wantchito wamkazi Anna Demidova, wophika Ivan Kharitonov ndi wotumikira Alexei Trupp. Anayi amenewa akanatha kubwerera kwawo kalekale, koma anasankha kutsatira banjali. Palibe mlandu umene unazengedwa, ndipo palibe chimene ana ndi antchitowo analakwa.

Kodi n'zoona kuti Anastasia anapulumuka?

Ayi. Mphekeserayi inakula chifukwa mitembo inabisidwa ndipo boma silinanene zoona kwa zaka zambiri. Mayi wina amene anatulukira ku Berlin mu 1920, wodziwika ndi dzina loti Anna Anderson, anaumirira mpaka imfa yake mu 1984 kuti ndi Anastasia. Kuyeza kwa DNA mu 1994 kunasonyeza kuti sanali wachibale wa banjali.

Manda enieni anapezedwa mwachinsinsi mu 1979 m'nkhalango pafupi ndi Yekaterinburg, ndipo anafukulidwa mu 1991. Munali mafupa a anthu 9. Asayansi a ku Britain anawayerekeza ndi magazi a Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth II, chifukwa agogo ake aakazi anali mkulu wake wa Alexandra, ndipo zinagwirizana. Mafupa a Alexei ndi mlongo wake mmodzi anapezeka mu 2007 pamalo ena chapafupi. Onse 11 anapezeka.

Bwanji madeti a pa zikwangwani akusiyana ndi amene ndinawerenga?

Mpaka mu Febuluwale 1918 dziko la Russia linkatsata kalendala yakale, imene inali m'mbuyo ndi masiku 12 m'zaka za m'ma 1800 ndi masiku 13 kuyambira 1900. N'chifukwa chake kutula pansi ufumu kumalembedwa pa 2 Malichi kwina, pa 15 Malichi kwina. Madeti a patsamba lino ndi a kalendala yathu ya lero.

Nanga mazira otchuka a Fabergé ndikawaona komweko?

Awa ndi mazira a golide ndi miyala yamtengo wapatali opangidwa ndi kampani ya Fabergé. Alexandra ankasunga ake m'kabati ya m'chipinda cha mapulo, koma anamwazikana kalekale, ambiri atagulitsidwa kunja ndi boma la Soviet Union. Mwambowu unayamba mu 1885 pamene Alexander III anapatsa mkazi wake dzira loyamba pa Pasaka, ndipo Nicholas ankapereka awiri pachaka, lina kwa mayi ake, lina kwa mkazi wake. Pa mazira 50 amene anaperekedwa, 10 ali ku Kremlin Armoury ku Moscow ndipo 9 ali ku Fabergé Museum mu St Petersburg momwemo, m'mphepete mwa mtsinje wa Fontanka. Atatu ali m'katundu wa banja lachifumu la Britain ndipo nthawi zina amaonetsedwa.

Ndikafika bwanji, ndipo ndikonzekere chiyani?

Kuchokera mu St Petersburg kwerani sitima pa siteshoni ya Vitebsky kukatsikira ku Tsarskoye Selo. Imeneyi ndi njanji yoyamba ya anthu m'dzikolo, ya mu 1837. Mukatsika pali mabasi opita kumapaki. Njira ina ndi sitima yapansi panthaka mpaka Moskovskaya, kenako basi. Masiku otsegula, nthawi ndi mitengo ya matikiti zimasintha, choncho onani pa tzar.ru musananyamuke. Tikiti ya Catherine Palace, kumene kuli chipinda chotchuka cha Amber Room, ndi yapayokha.

Makadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja anasiya kugwira ntchito ku Russia mu Malichi 2022, ndiye mukhale ndi ndalama za ruble m'thumba. Nkhondo imene Russia inayambitsa ku Ukraine chaka chimenecho yasokoneza maulendo a ndege, ndipo ndi bwino kufunsa malangizo a boma lanu musanagule tikiti. Russia ili ndi maofesi a kazembe ku Lusaka, Harare, Maputo ndi Pretoria, ndipo wa ku Harare ndi amene amaonanso za Malawi. Za visa funsani kumeneko kudakali nthawi.

Pakhomo mudzasiya jekete ndi chikwama chachikulu kosungira katundu, akupatsani kanambala, musakataye. Mudzavalanso timatumba pamwamba pa nsapato poteteza pansi. Mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko masana ndipo kuzizira kwake sikufanana ndi kwa Juni ku Dedza, ndiye chipewa, magolovesi ndi nsapato zosaterera n'zofunika. Mu Juni usiku kumangoti mbuu osada kwenikweni, koma alendo amachuluka. Zipinda zimatha ola limodzi ndi theka, koma siyani nthawi ina yoyenda m'paki, mukaone kachilumba kokhala ndi kanyumba kamene ana achifumu ankaseweramo.

Kodi n'koyenera kupita ndi ana?

Inde. M'zipindamo mulibe zithunzi zoopsa. Koma mwana wa zaka 10 adzafunsa kuti ana a m'zithunziwa anapita kuti, ndiye konzekerani yankho loona, lofatsa.

Anaikidwa kuti, ndipo ndingakaoneko?

Mungathe, ndipo ndikulimbikitsa kuti muchite zimenezo tsiku lotsatira. Pa 17 Julayi 1998, patatha zaka 80 chiphedwereni, Nicholas, Alexandra ndi ana aakazi atatu anaikidwa m'kachipinda ka St Catherine m'tchalitchi cha Peter and Paul, pachilumba chimene mzinda wa St Petersburg unayambira. Alexei ndi mlongo wake mmodzi sanaikidwe nawo tsikulo chifukwa anali asanapezeke. Pa mwambowo panali Pulezidenti Boris Yeltsin, yemwe mu 1977, ali mkulu wa chipani ku Sverdlovsk (dzina la Yekaterinburg pa nthawiyo), anakwaniritsa lamulo lochokera ku Moscow logwetsa nyumba ya Ipatiev. Pamalo pa nyumbayo pano pali tchalitchi chimene chinatsegulidwa mu 2003. Mpingo wa Orthodox wa ku Russia unaika banjali m'gulu la oyera mtima mu 2000, choncho mudzaona anthu akupemphera pakhomo la kachipindako. Amuna vulani zipewa, ndipo musajambule munthu ali m'pemphero.

M'tchalitchimo muli manda a mafumu ambiri kuyambira Peter Wamkulu, aliyense ndi mwala wake. Kachipinda ka banja lomalizali n'kakang'ono, kali pambali pafupi ndi khomo lolowera, ndipo alendo ambiri amangosuzumira n'kudutsa. Botkin, Demidova, Kharitonov ndi Trupp anaikidwa momwemo, m'manda amodzi ndi mfumu yawo.